Kodi woti sanakwerepo hatchi angakachite holide pa ranchi ya ng'ombe?

Funso: Ine ndi amuna anga tikusunga ndalama kuti chaka chamawa tikachite holide ya wiki imodzi pa ranchi ku America, ku Montana kapena ku Wyoming. Tikufuna ranchi yeniyeni yoti amawetadi ng'ombe, osati hotela yongoti ili ndi mahatchi kuseri. Vuto ndi loti ine sindinakwerepo hatchi, abambo akunyumbawa anakwerapo ali mnyamata basi, komanso tili ndi ana awiri, wazaka 13 ndi wazaka 5. Tingakwanitse? Nanga malo ake tisankhe bwanji?

Yankho: Zikomo mayi pofunsa musanalipire, chifukwa ambiri amafunsa ndalama zitapita kale. Kukwanitsa mungakwanitse ndithu, koma pali chinthu chimodzi chomwe ndikufuna muchimvetse kaye, zina zonsezi zikutsamira pamenepo. Pa ranchi yoti ikuwetadi ng'ombe, zochita za tsiku sakonza ndi alendo, olo eni ake enieniwo. Amakonza ndi ng'ombe komanso nyengo. Ngati lero ng'ombe zathyola mpanda usiku nde kuti lero nonse mukasaka ng'ombe, kaya munakonza zopita kukaona mathithi. Ndiye funso lenileni si loti ndi ranchi iti yokongola pazithunzi, koma kuti banja lanu mmene lilili panopa lingalowe bwanji mu ntchito ya eni akewo osavulala komanso osakhala chipsinjo.

Maranchi olandira alendo si amodzimodzi olo pa intaneti onse amaika zithunzi zofanana, munthu wachipewa ali pa hatchi dzuwa likulowa. Alipo ena oti ndi mahotela basi, dziwe losambira, malo othofula thupi, hatchi mumakwera ola limodzi kapena awiri mutandondozana mchira ndi mphuno kenako mwabwerera. Amenewo mwawakana kale. Pakati pali omwe amati dude ranch, kumeneko nkhani yaikulu ndi mahatchi, mumapatsidwa hatchi yanu ya wiki yonse, mumakwera mmawa ndi masana, pali aphunzitsi, pali zochita za ana, ndipo ena mwa maranchi amenewa ali ndi ng'ombe zomwe alendo amathandiza kukusa kamodzi kapena kawiri pa wiki. Kenako nde kuli working ranch yeniyeniyo, banja lomwe ndalama zake zimachokera pogulitsa ana a ng'ombe, alendo amangotenga ochepa, mwina okwana patebulo limodzi, mumadya nawo limodzi zomwe iwo akudya, ndipo pa hatchi mutha kukhalapo maola sikisi kapena kupitirira.

Zolandira alendozi si zadzana. Abale atatu a banja la Eaton, a Howard, a Willis ndi a Alden, ochokera ku Pittsburgh, anali ndi ranchi pafupi ndi Medora komwe pano ndi ku North Dakota, nde anzawo a kummawa ankangobwera kudzakhala masabata ambirimbiri kudya zaulere mpaka mu 1882 anayamba kumalipiritsa. Mu 1904 anasamukira ku Wolf, Wyoming, mmunsi mwa mapiri a Bighorn pafupi ndi Sheridan, ndipo ranchi imeneyo ilipobe. Mu 1926 eni maranchi anakumana ku Bozeman, Montana, mothandizana ndi kampani ya sitima ya Northern Pacific nkuyambitsa bungwe la Dude Ranchers' Association, lomwe pano ofesi yake ili ku Cody. Ndikutchula zimenezi chifukwa bungweli limayendera ranchi lisanailandire kukhala membala, nde mndandanda wawo ndi poyambira pabwino. Koma dziwaninso kuti mabanja ena ang'onoang'ono abwino zedi sali mu bungwemo, kusapezekamo sikutanthauza kuti ndi akuba.

Tsopano kwa inuyo. Kunena mosabisa, working ranch yeniyeni ija chaka chamawa sindingakulangizeni, ndipo chifukwa chake chachikulu ndi wamng'onoyo. Maranchi ambiri salola mwana wosakwana zaka 6 kapena 7 kutuluka pa hatchi kupita kutchire, amangomuyendetsa mkati mwa mpanda wina atagwira chingwe. Ma working ranch ambiri alibe munthu wosamala ana, ena salandira nkomwe ana aang'ono, nde chomwe chingachitike nchoti mmodzi wa inu azitsala panyumba ndi mwana tsiku lililonse pomwe mwalipira ndalama zonse. Ndipo chonde musalole zoti mwana akwere hatchi imodzi ndi bambo ake atamukhazika kutsogolo. Anthu amaona ngati nzachikondi koma hatchi ikadzidzimuka munthu wamkulu sangagwire zingwe ndi mwana nthawi imodzi. Chomwe chikukuyenerani ndi ranchi ya pakati ija koma yoti ili ndi ng'ombe zakezake, osati zobwereka zongoonetsa alendo. Alipo ambiri otero. Wazaka 13 uja nde musadandaule naye, ana amsinkhu umenewo amaphunzira msanga kuposa makolo, pofika Lachitatu adzakhala akukusiyani mmbuyo.

Mwezi womwe mupite ndi womwe ungakuuzeni ntchito yomwe mukaione, apa anthu ambiri ndi pomwe amaphonya. Kumpoto uko, Montana ndi Wyoming, ng'ombe zambiri zimabereka kuyambira cha mu Febuluwale mpaka Epulo, kukuzizira koopsa, sinowo ali mbwee, alendo sapitako kawirikawiri. Meyi ndi kumayambiriro kwa Juni ndi nthawi yodinda ana a ng'ombe chizindikiro. Cha mu Juni ng'ombe amazikweza kumapiri komwe msipu waphuka, malo ambiri amenewo ndi aboma, a Forest Service kapena a Bureau of Land Management, alimi amangolipira chilolezo chodyetserako. Julayi ndi Ogasiti ntchito yake ndi yozungulira kuona ng'ombe, kusaka zodwala, kuzisamutsa kuchoka pa msipu wina kupita pa wina, kuperekera mchere, kukonza waya, uku ena ali kalikiliki kumweta udzu wodzadyetsa nthawi yozizira. Sepitembala ndi Okutobala nde amazitsitsa kumapiri, kusiyanitsa ana ndi amayi awo, kukweza mmalole. Kwa banja la ana ine ndingasankhe kumapeto kwa Juni kapena Julayi. Kutsitsa ng'ombe kwa mu Okutobala nkosangalatsa kwambiri koma nkwa anthu odziwa kukwera, masiku ake ndi aatali ndipo sinowo atha kukupezani kuphiri. Ngati tchuthi chanu chingapezeke mu Disembala kapena Januwale basi, iwalani za Montana, yang'anani ku Arizona cha ku Tucson kapena Wickenburg, kumeneko nyengo yawo ya alendo ndi imeneyo chifukwa miyezi ya Juni ndi Julayi kumatentha mosapiririka.

Za kudinda zija ndikuuzeniretu, chifukwa mwati mukufuna zenizeni. Mwana wa ng'ombe amamukoka ndi chingwe miyendo yakumbuyo, anthu awiri kumupanikiza pansi, kumuwotcha ndi chitsulo chamoto, kumubaya katemera, kumuboola khutu, akakhala wamphongo kumuthena, zonsezi mphindi imodzi kapena ziwiri nkumusiya athamangire kwa make. Pamakhala utsi wa ubweya, kulira, magazi pang'ono. Ndi ntchito yoti eni ake amaigwira mwaluso komanso mwachangu kuti nyama isavutike nthawi yaitali, koma mwana wazaka 5 mumukonzekeretse, komanso adziwe kuti ana a ng'ombe okongolawo akuleredwa kuti adzakhale nyama.

Nkhani ya kukwera. Mukamabukitsa adzakutumizirani fomu yofunsa msinkhu, kulemera kwanu ndi luso lanu pa hatchi. Mayi, pa fomu imeneyi musadzikometsere, ndipo makamaka muwauze abambowo. Munthu woti anakwerapo ali mnyamata zaka zambiri zapitazo alembe kuti ndi wongoyamba, basi. Pa ntchito yoperekeza alendo, amene amandidetsa nkhawa si mayi wamantha woti wanena poyera kuti sadziwa kanthu, ameneyo amamvera ndipo timamupatsa hatchi yofatsa yoti yanyamula alendo zaka zambiri. Wondidetsa nkhawa ndi bambo wolemba kuti amatha, nkupatsidwa hatchi yachangu yomva msanga, iye miyendo ili gwa kuifinya mmimba osadziwa kuti kutero ndi kuiuza kuti thamanga, uku akukoka zingwe kuti iime, hatchi nkusokonezeka. Kusintha hatchi pakati pa wiki kuti akupatseni yachangupo nkosavuta, iwo eni amakondwa kutero akaona kuti mwakhazikika.

Za kulemera musakhumudwe nazo akakufunsani. Maranchi ambiri malire awo ali pakati pa mapaundi 225 ndi 250, kumeneko ndi pafupifupi makilogalamu 102 mpaka 113. Hatchi yambiri yomwe mukaipeze ndi ya mtundu wa Quarter Horse, yolemera makilogalamu 500 kapena kuchepera pang'ono, ndipo lamulo longoyerekeza lomwe anthu a mahatchi amatsatira ndi loti isanyamule kupitirira kwambiri gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwake, kuwerengera ndi chishalo chomwe, chomwenso pachokha chimapitirira makilogalamu 10. Ngati wina ali pafupi ndi malirewo imbani foni mufunse, ena ali ndi mahatchi akuluakulu osakanizidwa ndi mtundu wokoka ngolo.

Popeza muli ndi chaka chathunthu, kaphunzireni musanapite. Olo maulendo asanu kapena sikisi pa sukulu ya mahatchi asintha holide yanu yonse. Akakuphunzitseni kuyendetsa, kuimitsa, kukhotetsa, ndi kukhala bwino hatchi ikamathamanga pang'onopang'ono monjanja muja, chifukwa pamenepo ndi pomwe ongoyamba amagunditsa matako mpaka kulira. Ngati pali ophunzitsa kakweredwe ka western sankhani amenewo, popeza ku ranchi zingwe zonse ziwiri mumagwira dzanja limodzi ndipo hatchi imakhota ikamva chingwe chakhudza khosi, simuikoka kukamwa. Chishalo chake chili ndi kanyanga kutsogolo, ntchito yake ndi yokulungapo chingwe chokolera ng'ombe, koma mukachita mantha gwirani ndithu, palibe angakusekeni, bola osakoka zingwe kuti mudzichirikize nazo chifukwa kukamwa kwa hatchi kuli chitsulo ndipo imamva kuwawa. Kupweteka kwa thupi nde kulipo, musanamizidwe. Tsiku lachiwiri ndi lachitatu ntchafu zamkati, mawondo ndi msana zimadandaula kwambiri, kenako thupi limazolowera. Mawondo akamawawa kwambiri muuzeni wrangler, amene amasamala mahatchi ndi kuperekeza alendo uja, nthawi zambiri amangotalikitsa zopondera ndi bowo limodzi basi zatheka. Tsiku loyamba musakakamire kukwera mmawa ndi masana omwe.

Hatchi ndi nyama yoti kutchire imadyedwa, nde nzeru zake zonse zili pa kuthawa kaye, kuganiza pambuyo. Maso ake ali mmbali, imaona pafupifupi mozungulira monse kupatula kumbuyo kwenikweni ndi pansi pa mphuno pake, nchifukwa chake simuidzera kumbuyo mwakachetechete, mumailankhula kuti idziwe muli pati. Ikagoneka makutu kumbuyo ndiye kuti yakwiya, patukani. Chingwe osachikulunga padzanja olo pang'ono. Jekete la mvula osavala muli pamwamba osauza wrangler, kuphupha kwa pulasitiki kuja kwagwetsa anthu ambiri, chimodzimodzi chipewa chouluka ndi mphepo. Ana awiriwo muwaphunzitse zimenezi kunyumba konkuno, makamaka wamng'onoyo asamathamange kapena kukuwa pakati pa mahatchi.

Tsiku lokusa ng'ombe likafika, apa nde pokoma, komanso ndi pomwe anthu amadabwa. Ambiri amayembekeza liwiro ndi kukuwa, koma kukusa kwabwino kumachitika mwapang'onopang'ono, hatchi ikungoyenda, chifukwa ng'ombe yothamangitsidwa imataya thupi ndipo thupi limenelo ndiye ndalama za mwini wake. Odziwa njira amakhala kutsogolo, ena mmbali, ongoyamba amawaika kumbuyo komwe kuli ana otopa ndi fumbi lonse, nde kansalu kotseka pamphuno musakaiwale. Ng'ombe iliyonse ili ndi kamtunda koti mukalowamo imasuntha, mukatulukamo imaima, ndipo mukakhala kumbuyo kwa phewa lake imapita kutsogolo, mukapitirira phewa imabwerera. A Temple Grandin, katswiri wa khalidwe la ziweto wa ku Colorado State University, ndi amene anafotokoza bwino zimenezi kwa alimi ambiri, ndipo mukangoziona zikuchitika pansi pa hatchi yanu simudzaiwala. Chovuta kwambiri ndi ana. Paulendo ana amasiyana ndi amayi awo mu chipwirikiti chija, ndipo mwana wa ng'ombe akasowa make nzeru yake ndi yobwerera pomwe anayamwa komaliza, olo pakhale makilomita angapo kumbuyo, make nayenso chimodzimodzi. Nde mukafika pa msipu watsopano simungotseka geti nkumapita kukadya, ayi, mumazungulira gulu lonse nkuima pamenepo, mwina ola mwina kupitirira, kudikira kuti ng'ombe iliyonse inunkhize ipeze mwana wake. Kuona maso a nkhono nkudekha, mukafulumira mawa ntchito yonse muyambiranso. Ine nthawi imeneyi ndimaikonda kuposa ina iliyonse, chifukwa mpamene mlendo amasiya kukhala woonerera, kampata komwe waima iyeyo akakasiya ana athawira pomwepo, ndipo eni ake amadaliradi kuti aimapo.

Pali timalamulo tomwe sakulemberani koma amayembekeza kuti mutsatire. Geti mulisiye mmene mwalipezera, lotseka mutseke, lotsegula lisiyeni lotsegula chifukwa mwina ng'ombe zikudutsira pomwepo kukamwa madzi. Wina akatsika kuti atseke geti mudikireni akwere kaye, mukanyamuka hatchi yake ifuna kutsatira anzake iye phazi limodzi lili mmwamba. Osadutsa kutsogolo kwa amene akutsogolera ntchito, osalowa pakati pa munthu ndi ng'ombe zomwe akukusa, agalu awo osawalamula kapena kuwapatsa chakudya, ali pantchito.

Zovala sizifuna ndalama zambiri. Chofunika zedi ndi jombo zokhala ndi chidendene chotalika masentimita awiri kapena atatu komanso zosalala kupansi, kuti phazi lisalowerere mu chopondera nkukodwa mutagwa, imeneyo ndiye ngozi yoopsa kuposa kugwa kwenikweniko. Nsapato zothamangira ayi. Maranchi ena amabwereketsa jombo, funsani, ndipo mukagula zatsopano muzivale masabata angapo musanapite. Jinzi ikhale yaitali, ndipo ambiri amavala kathina mkati kuti msoko usanyule khungu. Helimeti kwa ana musakambirane nkomwe, avale, ndipo inunso akuluakulu ndikupemphani muvale olo eni ake avale zipewa zawo, iwo anakulira pa hatchi inu ayi. Tengani zovala zoti muzitha kuvula chimodzichimodzi, chifukwa malowa ndi okwera, Cody ili pa mamita pafupifupi 1,500, Jackson pafupifupi 1,900, ndipo msipu wa kumapiri umapitirira 2,500, nde mmawa kumazizira olo mu Julayi, masana dzuwa limawotcha khungu la mtundu uliwonse, chakumadzulo mabingu ndi mvula yadzidzidzi. Mpweya ndi wouma, imwani madzi ambiri, masiku awiri oyamba mutu utha kuwawa ndi kupuma mwabefu.

Inshuwalansi musaichite mwachisawawa. Mukafika adzakusainitsani pepala loti mukudziwa kuti kukwera hatchi kuli ndi ngozi zake, ndipo malamulo a zigawo zambiri za America amateteza eni mahatchi pa ngozi zoterozo, nde mukathyoka mkono bilu ndi yanu. Chipatala ku America nchodula moopsa, ranchi imakhala kutali ndi tauni, nthawi zina wovulala amanyamulidwa pa helikopita. Werengani timalemba ting'onoting'ono ta inshuwalansi yanu ya ulendo muone ngati kukwera hatchi kulimo, ena amakuchotsa, ena amalipira pokhapokha munavala helimeti, ena amalola kukwera koyenda chabe koma osati kugwira ntchito ya ng'ombe.

Mtengo wake ndi madola masauzande angapo munthu mmodzi pa wiki, nthawi zambiri kuphatikiza pogona, chakudya katatu ndi kukwera konse, ana aang'ono amatsitsirako. Koma funsani ngati msonkho uli momwemo, komanso ndalama yothokoza antchito, yomwe kumeneko imakhala 15 mpaka 20 peresenti ya bilu yonse, pa anthu anayi si ndalama yochepa yoti ikudzidzimutseni tsiku lonyamuka. Funsaninso za mayendedwe kuchoka pa eyapoti, kaya mutsikira ku Billings, Bozeman, Cody kapena Jackson, chifukwa ranchi itha kukhala maola awiri kapena atatu pa galimoto, mbali ina msewu wafumbi, ndipo netiweki ya foni kumeneko njosadalirika. Ambiri amafuna mufike Lamlungu nkuchoka Loweruka kapena Lamlungu linalo. Ngati mukufuna kuonanso paki ya zachilengedwe ya Yellowstone onjezerani masiku ake apadera kumapeto, musadule wiki ya pa ranchi, paki ija ndi yaikulu ndipo tsiku limodzi limathera mu galimoto.

Musabukitse pongodina pa webusaiti. Imbani foni mulankhule ndi mwini wake, mumufunse kuti ng'ombezo ndi zawo kapena ayi ndipo zilipo zingati, wiki yomwe mukufunayo kudzakhala ntchito yanji, wrangler mmodzi amaperekeza alendo angati, amagawa magulu potengera luso kapena onse amapita pamodzi, wongoyamba ngati inu amaloledwa kupita nawo kokusa kapena amatsala, nanga wazaka 5 amakhala ndi ndani nthawi imeneyo ndipo munthuyo ndi wamsinkhu wanji. Mvetserani mmene akuyankhira. Amene akuvomera chilichonse, inde mudzathamanga tsiku loyamba, inde mwana akwera nawo, ameneyo musiyeni. Amene akukufunsaninso mafunso ambiri nkukuuzani zomwe sangalole, ndiye wosamala mahatchi ake ndi alendo ake. Masabata a Julayi pa maranchi a mabanja amadzaza msanga chifukwa alendo akale amabukitsiratu chaka chamawa asanachoke, nde yambani kuimba mafoni panopa, ndipo musanatumize dipoziti mufunse kuti amabweza bwanji mukadwala kapena moto wa mnkhalango ukatseka derali, popeza mu Ogasiti utsi wa moto umavuta ndithu kumadera amenewo.